Msilikali Wopentedwa Sayankhula

Ndimayendetsa lole. Ndimanyamula ng'oma, mbendera, machira a milungu ndi mipando ya pulasitiki. Lero Kaohsiung, mawa Tainan, mkuja kwina. Kumene kuli chikondwerero cha kachisi, ine ndiliko. Nyumba ndili nayo, koma sitidziwana kwenikweni. Tauni ikanditopetsa ndimangoliza injini.

Chaka chimenecho ndinkayenda ndi mphwanga, Kai-shun, mwana wa achemwali anga a Li-chu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wowonda ngati ndodo ya mbendera. Anali atangotuluka kumene ku nyumba ina ya kumapiri a ku Taitung, kumene khoti limatumiza achinyamata kuti akasiye mankhwala osokoneza bongo. Ake anali K, ufa woyera uja amathira mu ndudu. Ukamapsa umanunkha ngati pulasitiki. Anauyambira m'gulu lovina la pakachisi wa kwathu, kuseri kwa lole ngati yangayi.

Wokamutenga kumapiriko ndinali ine. Amayi ake anakana.

"Ndamulandira kawiri," anatero achemwali. Ankapala nsomba, osandiyang'ana. Amagulitsa phala la mpunga la nsomba pakhomo la msika, m'tauni yathu ya ku Pingtung. "Kawiri konse wandinamiza akundiyang'ana m'maso. Mutenge iweyo, Chin-fa. Pakhomo panga adzabwere tsiku limene ndidzakhulupirire pakamwa pake."

"Nanga mudzadziwa bwanji, achemwali?"

"Ndinamubereka ndine. Choka, ukunditchingira makasitomala."

Ndiye anakwera lole yanga.

K amadya chikhodzodzo. Cha Kai-shun chinali chitafota, chodzaza zilonda. Tikangoyenda pang'ono, iye uja wayamba kutembenukatembenuka pampando. Tiime. Tiyendenso. Tiimenso. Pokodza ankaluma mano, nthawi zina pankatuluka magazi. Adokotala anati chidzachira pang'onopang'ono, bola asadzakhudzenso ufawo, ndipo azimwa madzi ambiri.

"Iwe," ndinamuuza tsiku lina, "chilumba chathu chonsechi ndachizungulira, koma zimbudzi zake wandidziwitsa ndiwe."

"Ndiye muthokoze, amalume. Ena amafa asanazione."

Pakamwa ndiye panali pabwinobwino.

Choipa cha K ndi ichi: ululu umene wabweretsa yekha, amauziziritsanso yekha. Ukasuta, chikhodzodzo chimati zii. Kwa kanthawi. Ndiye mwana akamva kupweteka, mutu umamuuza kumene kuli mankhwala. Mayi Fang, mlangizi wake wa kumapiri kuja, anamupatsa lamulo limodzi lalikulu. Anandiuzanso ine pachipata, atandigwira dzanja ngati ndine wodwalayo.

"Chibaba chikabwera, achitchule mokweza kwa munthu amene ali pafupi. Nthawi yomweyo. Asadikire malo abwino. Akakhala chete chimakula."

Poyamba zinkandichititsa manyazi. Tili pamsewu waukulu, wailesi ikuimba, ndingomva:

"Amalume, chabwera."

"Chafika pati?"

"Pakhosi."

Ndinkaimika lole. Tigule tiyi wozizira. Tizungulire lole kangapo ngati anthu otaya kiyi. Aimbire foni mayi Fang. Kenaka chipite. Ndinazolowera. Ndinayamba kunyadira ndithu, ngakhale sindinamuuze.

Kenaka anayamba nkhani yovina.

Chikondwerero cha kachisi wa kwathu chinkayandikira. Mulungu akatuluka pa machira kukazungulira tauni, patsogolo pake pamayenda asilikali ake, nkhope zopentedwa, zokupizira za nthenga m'manja, akuvina awiriawiri pothamangitsa mizimu yoipa. Kai-shun anali atavinapo usilikali asanagwe. Ankautha. Ndipo njira ya mulunguyo imadutsa pakhomo la msika.

"Amayi akandiona nditapentedwa, ndikuponda bwino, adzadziwa kuti ndachira."

"Kumeneko kuli anzako akale."

"Sindibwerera gulu lija ayi. Ndipita kwa aphunzitsi a Kang."

A Kang ndi nkhalamba yaifupi, yamakani. Gulu lawo sililola mowa, fodya, kapena mtedza wotafuna uja wofiiritsa mano. Anamuyang'ana Kai-shun kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamuuza kuti aponde. Anaponda. Anamuuza kuti atembenuke pa mwendo umodzi. Anatembenuka.

"Miyendo ikukumbuka," anatero a Kang. "Mbiri yako ndaimva. Sindifunsa. Koma mwambo ukuudziwa. Burashi ikangochoka pankhope, siwenso mwana wa munthu. Suyankhula. Suseka. Dzina lako sulimva. Ukatsegula pakamwa wanyoza mulungu, ndikupukuta pomwepo, ndipo mnzako wovina naye atuluka nawe. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Mayi Fang pa foni sanasangalale. Koma sanaletse. Anati moyo ndi wake, sangakhale m'lole mpaka kukalamba. Ine ndinakhumudwa pang'ono. Lole yanga ilibe vuto.

Anaphunzira mwezi wathunthu. Ine ndinakana maulendo akutali, ndinkangozungulira pafupi ngati galu womangidwa. Masiku omaliza anyamata onse anagona pakachisi, osadya nyama. Mnzake wovina naye anali Ming-tsai, mnyamata wonenepa, wofatsa, amene chaka chimenecho chinali choyamba kupentedwa. Agogo ake anachoka ku Chiayi kudzamuona.

Tsikulo linacha ndi dzuwa loopsa. M'mawa anawagoneka pa mabenchi, wopenta n'kuyamba ntchito. Kai-shun anamupenta nkhope yofiira ndi yakuda, diso limodzi lalikulu, lina laling'ono, pakamwa popotoka. Atadzuka sindinamudziwe. Anavala chisoti, siketi ya nsalu yonyezimira, lamba wamkulu wofiira, nsapato za udzu. Anaima. Anali wamtali kuposa dzulo lake.

Ng'oma zinayamba. Makombola anaphulika. Utsi, lubani, mapepala ofiira msewu wonse. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi lole, nditanyamula madzi ndi mabenchi.

Anavina, anthu inu. Pakachisi aliyense wa m'njira ankafika n'kutsika pansi ndi miyendo, n'kuzungulira, chokupizira chikunjenjemera m'mwamba. Nkhalamba za m'mbali zinkagwedeza mitu. Wina anandifunsa kuti wofiira uja ndi mwana wa ndani. Sindinayankhe. Dzina silitchulidwa. Koma chifuwa ndinachitulutsa.

Chinthu chimodzi sindinachione msanga. Sankamwa madzi. Asilikali amamwera pa kapaipi, atabisa nkhope kuseri kwa chokupizira. Anzake ankamwa. Iye ankangopukusa mutu. Ankaopa chimbudzi. Mkodzo ukachepa umawawa ngati tsabola pa zilonda zija. Pofika masana ndinaona akupinda msana pang'ono akamaliza kuzungulira.

Tinapuma pabwalo la kachisi wina wamng'ono, msewu umodzi tisanafike kumsika. Asilikali anakhala pa mabenchi, aliyense chokupizira kunkhope. Munthu sasuzumira kuseri kwa chokupizira. Ngakhale mwana amadziwa.

Ine ndinali pa lole, ndikutsitsa madzi. Nditatembenuka ndinaona njinga yamoto itaima pafupi ndi mabenchi, ndipo munthu atanjuta pambali pa Kai-shun. Anali Nkhanu. Dzina lake lenileni ndinaiwala. Ndi wa gulu lakale lija, yemwe anamupatsa ndudu yoyamba. Anamuzindikira ndi kapondedwe.

Zimene ananena ndinazimva pambuyo pake, Kai-shun anandiuza zonse.

"Bwana mkubwa! Mwabwerako kusukulu ya kumapiri? Osapereka moni? Aa, ndaiwala, lero ndinu osayankhula. Zabwino zimenezo, ndiyankhula ndekha. Zikuwawa eti, aise? Ndakuona ukupinda. Pamsika sukafika iwe, ukagwa pamaso pa masteni ako. Ndakubweretsera kamodzi. Kaulere, ndife abale. Upite kuchimbudzi, ukoke kawiri, zii. Uvina mpaka dzuwa kulowa. Adziwa ndani? Kuseri kwa nthengazi kulibe maso."

Ndipo analowetsa ndudu mu lamba wofiira uja.

Nduduyo ine sindinaione. Ndinangoona Nkhanu. Ndinathamanga ndi botolo m'manja.

"Choka apa, iwe!"

"Pepani madala, ndimangopereka ulemu kwa mulungu. Kodi n'kulakwa?"

"Ndikuthyola miyendo yonse eyiti."

"Ndi teni, madala. Munathawa sukulu eti?"

Anakwera njinga akuseka, n'kukaima patsidya pa msewu ndi anzake awiri. Ankadikira.

Ndinaima pafupi ndi mphwanga. Ndinkafuna kufunsa. Koma umafunsa bwanji msilikali? Thukuta linkatsika m'khosi, lofiira ndi utoto. Ndinamupatsa madzi. Sanalandire.

A Kang anaomba m'manja. Ng'oma yaikulu inagunda. Asilikali anaimirira, awiriawiri. Kai-shun anaimirira pomaliza. Dzanja lake lamanzere linali pa lamba. Anayang'ana kumene kunali chimbudzi, kuseri kwa kachisi. Akanangoloza, mnyamata wothandiza akanamuperekeza, n'kumudikira panja. Zimaloledwa. Palibe akanadabwa.

Anaponda kamodzi cha kumeneko. Anaima.

Kenaka anatsitsa chokupizira.

"Aphunzitsi."

Mawuwo sanali okwera. Koma woimba ng'oma anaphonya.

"Aphunzitsi, chabwera. Ndili ndi ndudu ya K mu lamba. Andipatsa pompano. Ndikufuna kuisuta. Ndikufuna kwambiri. Ndichotseni."

Bwalo lonse linati zii. Mayi wina anagwira pakamwa. Gogo wina anayamba kupepesa mulungu, manja ali pamodzi, akugwadira kumene kunali machira. Patali makombola ankaphulikabe, a anthu amene sankadziwa kanthu.

A Kang anayenda pang'onopang'ono. Anafika. Anatambasula dzanja. Kai-shun anatulutsa nduduyo n'kuiika pachikhatho chawo. Anainunkhiza. Anaithyola pakati, n'kuiponya mu ngalande.

Wapampando wa komiti ya kachisi anatulukira, nkhope ili gwaa.

"A Kang! N'chiyani chimenechi? Chiyambire kachisi uyu, msilikali sanayankhulepo pamsewu! Mwatitengera chiyani? Tinakuuzani za ana osuta awa!"

"Ndikapepesa ndine."

"Tauni yonse imva!"

"Imve. Patukani, ndigwire ntchito."

Anayatsa lubani, anagwada patsogolo pa machira nthawi yaitali. Atadzuka anatenga mapepala agolide, omwe timawotchera milungu, n'kupukuta nkhope ya Kai-shun. Sanapukute mwachifundo ayi. Diso lalikulu lija linachoka. Pakamwa popotoka panachoka. Panatsala mwana wowonda wa achemwali anga, wamathothomathotho.

Kenaka anapukuta Ming-tsai. Ameneyo ndiye analira ngati mwana. Agogo ake anali pomwepo, atanyamula ambulera.

"Pepa, aise," anatero Kai-shun.

"Usandiyankhule," anatero Ming-tsai. "Wayankhula kale zokwanira."

Ndinamutengera kuchimbudzi. Ndinaima panja. Ndinamva akubuula, akumenya khoma ndi chibakera. Atatuluka anamwa botolo lonse, n'kukhala pansi, msana pa tayala la lole. Chisoti anali atavula. Tinaimbira mayi Fang. Anamvetsera osadula mawu. Zimene anamuuza sindinamve, koma mnyamatayo anapukuta mphuno, n'kuyankha kuti, "Chatsika. Chili m'mimba tsopano."

Atadula foni anandiyang'ana.

"Ndawononga zonse, amalume. Tiyeni tizipita. Lizani injini. Kulikonse."

Ku zimenezo ndiye ndine katswiri. Kiyi anali kale m'manja.

A Kang anatipeza pomwepo. Paphewa anali atanyamula goli.

Patsogolo pa asilikali pamayenda munthu mmodzi wonyamula goli la nsungwi, lolendewera maunyolo, zikwapu ndi timabelu, zida zolangira mizimu. Ndiye amatsegula njira. Tsikulo ankanyamula mkulu wina amene phewa linali litamutupa kuyambira m'mawa.

Analitsitsa pamapazi a Kai-shun. Linalira ngwee.

"Wonyamula ichi sapentedwa," anatero. "Amamwa madzi. Amapita kuchimbudzi. Amayankhula mmene angafunire, poti ndiye luso lako."

"Aphunzitsi, aliyense andiona."

"Eya."

"Akudziwa kale zimene ndachita."

"Eya. Ndakupukuta chifukwa mwambo ndi mwambo. Utayankhulanso mawa, ndingakupukutenso. Koma anyamata anga awiri ndinawaika m'manda chifukwa cha ufa womwewu, onse ovina bwino, onse osunga mwambo. Palibe anandiuzapo kanthu. Nyamula, mulungu akudikira padzuwa."

Kai-shun anandiyang'ana. Ine ndinabweza kiyi m'thumba.

Ananyamula.

Lole ndinamusiyira woimba ng'oma wina wopuma. Ndinayenda wapansi, m'mbali mwa msewu. Asilikali anali atachepa ndi awiri, mzere unkaoneka wogweluka mano. Patsogolo pawo, mphwanga, nkhope pamtunda, utoto wotsala uli m'makutu ndi m'tsitsi. Nkhani inali itatidutsa kale, imathamanga kuposa machira. Anthu ankaloza. "Ndi uyo. Ndi uyo wayankhula uja. Mwana wa mayi wa phala." Ena ankatembenuza nkhope. Iye ankagwedeza goli mogwirizana ndi ng'oma, timabelu tikulira, maso kutsogolo.

Pakona, Nkhanu anaimirira pa njinga yake.

"Msilikali wolongolola! Atichotsa ntchito eti, bwana? Tsopano ndife onyamula katundu?"

Kai-shun sanaime. Anangotembenuza khosi.

"Nkhanu! Ndudu yako ili mu ngalande, kwanu komwe! Kaitole isananyowe!"

Msewu unaseka. Ngakhale wapolisi wotchinga magalimoto anaseka, kenaka n'kuyamba kumuyang'anitsitsa Nkhanu. Njinga ija sinachedwe.

Tinafika kumsika. Achemwali anali ataima kutsogolo kwa malo awo, epuloni ili m'chiuno, tebulo la nsembe lili pambali: zipatso, lubani, nsomba yathunthu. Anandiona ine poyamba.

"Chin-fa! Bwera kuno. Akuti wayankhula."

"Wayankhula."

"Ali wopentedwa?"

"Ali wopentedwa."

"Mayo ine. Wati chiyani? Usakometse. Mawu ake enieni."

Ndinawauza. Mawu ndi mawu, mpaka pa "ndikufuna kwambiri".

"Pamaso pa anthu onse?"

"Ndi a komiti omwe."

"Wasuta?"

"Ayi."

"Sindikufunsa iwe."

Anandikankha. Mzere wa asilikali munthu saudula, ndiye anayenda m'mbali, akuwomba anthu ndi zigongono, mpaka analingana ndi goli. Ine pambuyo. Anayenda naye limodzi, iye pakati pa msewu, iwo m'mphepete.

"Kai-shun."

"Amayi."

"Wasuta?"

"Ayi, amayi. Koma ndimafuna. Panopa ndikufunabe pang'ono."

Achemwali anayendabe. Tinadutsa sitolo ya mankhwala, tinadutsa ogulitsa nsapato. Phala analisiya pamoto, makasitomala ali pa mipando. Ankangomuyang'ana m'mbali, monga amayang'anira nsomba asanagule.

"Goli limenelo likulemera?"

"Kwambiri."

"Wongola msana. Anthu akuona." Anapukuta manja pa epuloni, ngakhale anali ouma. "Mukamaliza ubwere udzadye. Usambe kaye. Ukuoneka ngati mphaka wogwera mu utoto."

"Kudzadya kokha?"

"Kodi chipinda chako ndinagonekamo nkhumba? Ubwere ndi mnzako wonenepa uja wamuliritsa, ndi agogo ake. Ukawapepese bwinobwino, osati zapamsewu."

Anatembenuka n'kubwerera. Podutsa pa ine anandimenya paphewa ndi chikhatho, mwamphamvu, osanena chifukwa. Maso anali ofiira. Mwina unali utsi wa makombola.

Kai-shun anafika nalo goli mpaka kukachisi wamkulu. Panjira anapatuka kangapo, mkulu uja n'kumugwirira, iye n'kubwerera. Ming-tsai anabwera kudzadya, koma anadya osayankhula, mbale zitatu.

M'mawa mwake ndinanyamuka ndekha. Tainan, kenaka Yunlin. Ndinayenda mtunda wonse osaima, mpaka ndinadzimva wachilendo.

Amapitabe kuchipatala. Kwa mayi Fang amaimbabe. Nthawi zina foni yanga imalira ndili pamsewu waukulu, ndimve, "Amalume, chabwera." Ndimapatuka, n'kuzimitsa injini, n'kumvetsera.

Nkhaniyi inafika kutali. M'mabwalo a akachisi, tikamadikira kupakira, nkhalamba zimakanganabe. Ena amati mulungu ananyozedwa, mwanayo asadzapentedwenso. Ena amati mulungu amene sangamve mawu ngati amenewo ndi chidutswa cha mtengo chabe. Amakangana mpaka tiyi kuzizira. Ine ndimawasiya atope. Kenaka wina amafunsa kuti kodi mwanayo ndi wa ndani.

Pamenepo ndimaika kapu pansi.

"Ameneyo ndi mphwanga," ndimatero. "Ndipo simunamve bwino. Khalani pansi ndikuuzeni."